Kambalame ka msana wofiira pa phiri la Soche

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinayamba kukwera phiri la Soche ndi mayi anga kukatola nkhuni, pamwamba pake padakali nkhalango. Tinkanyamuka ku Chilobwe m'mamawa, ine ndili pambuyo, kunyinyirika ngati mbuzi ya pachingwe.

Mayi anali ndi chizolowezi chimene chinkanditopetsa. Tikati tipume, ankayamba kundilozera mbalame.

"Iwe Esinati, kambalame ako si mpheta ya kumunsi," anatero tsiku lina. "Taona kamlomo kakafupi konenepako, n'kodyera njere za udzu. Thupi lobiriwira, msana wofiira. Sikatsika kumunsi kameneko. Ukakaona, dziwa kuti uli pamwamba penipeni, pafupi ndi phompho."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha, maganizo ali pa njala.

Tsiku lina nkhungu inatsika mwadzidzidzi, yozizira, yonunkha masamba ovunda. Tikumanga mitolo, wina anakuwa kuti alonda a nkhalango akubwera. Amayi onse amene tinkatola nawo nkhuni anabalalika. Nane ndinataya nkhuni n'kuliyatsa liwiro. Nditaima, ndinali ndekha. Ndinkaopa kuitana mayi kuti alonda angandimve. Sindinkaona ngakhale mtengo wa patsogolo panga. Koma njira inkaoneka ngati ikutsetsereka, choncho ndinadziuza kuti ndayandikira minda, ndingothamanganso.

Pomwepo panabwera timbalame tiwiri, n'kutera pa udzu pafupi ndi mapazi anga. Mtima unati ndi mpheta, kwathu n'kufupi. Ndinkafunitsitsa kuti zikhale mpheta. Ndinayang'anitsitsa, misozi ili chuchuchu. Kamodzi kanatembenuka, ndipo msana unali wofiira.

Ndinakhala pansi pomwepo, n'kukumbatira tsinde la mtengo. Ndinalira mokweza, za alonda osaziganiziranso. Nkhungu itayamba kuyera, ndinaona kuti patsogolo panga panalibenso nthaka. Madenga a malata ankaoneka pansi kutali, ang'onoang'ono ngati mabokosi a machesi.

Mayi anandipeza mawu atawathera chifukwa choitana. Ndinkayembekezera mbama, koma anangondigwira dzanja mwamphamvu mpaka kunyumba. Nkhuni tinazisiya konko.

Kale ndinkayesa kuti mayi ankangokonda mbalame. Lero, ndili ndi ana anga, ndikumvetsa. Analibe chochitira, ankayenera kupita nane kuphiriko, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina ndidzakhala m'menemo ndekha, iwo palibe.