Maola Anayi a Amalume a Yadagiri

"Pravalika, iwe wamaliza sukulu, tandiuza: mpunga wa anthu awiri ndi mpunga wa pa ukwati umapsa nthawi imodzi?" Amalume anga a Yadagiri anandifunsa choncho tsiku limene anawaimitsa ntchito, tiyi akuwazizirira m'manja.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akuyendetsa thanki yophikira mankhwala pa fakitale ina ku Patancheru. Sakhulupirira chilichonse chochokera ku labu. Geji yoyezera kutentha amayamba aigogoda ndi chala asanaiwerenge. Ngakhale kokonati yamwambo yoswera pa thanki poyamba ntchito yatsopano amagula okha, ati ya kampani imakhala yowola.

Mwezi wathawu kunabwera mankhwala atsopano a matenda a shuga, oti akayesedwe. Dokotala Sailaja wa ku labu anali atawapanga kasanu m'kabotolo kagalasi, ufa wake woyera mbuu. Tsopano ankafuna zomwezo m'thanki ya malita zikwi ziwiri. Pepala lawo linati asidi alowe yense m'mphindi makumi anayi.

"Madamu, kabotolo kanu kamazizira ndi mphepo ya fani," anatero amalume. "Chinjovu changachi chikatentha, chatentha."

"Achimwene, tinawerengera zonse. Inutu mumakayikira ndi mchere womwe wa kukantini."

"Mcherewo ndinaulawa. Pepalali sindinalilawe."

Anzawo anaseka, dokotala nakwera masitepe kubwerera ku labu.

Asidi atangoyamba kulowa, kutentha kunakwera mothamanga. Amalume anagwira paipi ya madzi oziziritsa, napeza yafunda. Mumtima anati, anthuwa kumwambaku akudziwa kanthu kamene sanalembe. Sanaitane munthu. Anachepetsa vavu, asidi n'kumalowa modontha, mpaka maola anayi. Thanki sinavute. Koma ufa unatuluka wachikasu, ndipo oyesa anaukana wonse.

Apa ndi pamene pamandipweteka. M'buku la ntchito, pofunsa nthawi, amalume analemba mphindi makumi anayi n'kusainira. Ati woyendetsa thanki satsutsa dokotala ndi cholembera; umakonza mwakachetechete, pepala n'kulisiya ndi ulemu wake. Anaiwala kuti masiku ano kompyuta nayo imalemba.

Dokotala Sailaja anabwera ndi mapepala awiri, lawo ndi la kompyuta.

"Achimwene, sabata yathunthu ndakhala ndikufufuza vuto m'migolo ya asidi. Mukanangondiuza! Nanga mabuku ena onse amene munasainira zaka zonsezi, tiwakhulupirire bwanji?"

Tsopano aliyense akukayikira mnzake. Amalume akuti a ku labu ankadziwa za kutenthako, akungofuna womukankhira mlandu. Akuluakulu akutsegula mabuku akale. Lachinayi kuli komiti yoti igamule ngati amalume abwerere pa thanki kapena apite kwawo.

Ndiye chifukwa chake anabwera kwathu. Chingerezi chawo n'chongosainira.

"Undilembere kalata yopita ku komitiyo, mwana wa mlongo wanga. Ulembe kuti vavu inalimba yokha. Mavavu amalimba, ndani sadziwa?"

"Inalimbadi, amalume?"

"Taona mwanayu! Satifiketi ya dzana yomweyi, wasanduka kale wapolisi?"

Anaseka, koma maso anali pa kapu.

Atapita ndinakhala ndi pepala pamiyendo mpaka amayi anandiitana kukapeta mpunga. Kalata ndilemba. Ndiikamo paipi yofunda ija, maola anayi, ndi bodza la m'buku lomwe. Za vavu sindilemba. Mawa ndikawawerengera mokweza m'chilankhulo chathu cha Chitelugu, mzere ndi mzere, ndipo akakana kusaina akapeze wina wowalembera.