Tsiku limene ndinagwira khutu la apongozi

Amuna anga atakhalitsa ku Joni, anatumiza laputopu yatsopano kudzera kwa amatransipota. Tinakailandira pa Jenda, ili m'katoni yake. Ankati pafoni bambo awo sakuwamvanso, ndiye chinthu chachikulu chidzakhala ndi mawu aakulu. Anaganiza ngati munthu amene akugula ng'ombe.

Chinali chokongola, koma mawu ake ngati udzudzu uli m'chitini. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndinaika pa ndowa yovundikira, osathandiza. Chinandikwiyitsa kwambiri. Ndinapita nacho kwa wokonza ku Mzimba Boma, iye n'kuseka. Anati sichinawonongeke, timasipika take ndi momwe tinabadwira. Anandigulitsa timahedifoni ta chingwe.

Vuto linatsala ndi ine. Ndine Mchewa wa ku Dedza, koma ndinakwatiwa kufupi ndi Embangweni, ndipo kumeneko mkamwana sayandikira apongozi aamuna. Madzi ndinkawasiyira poteropo, moni ndinkapereka nditagwada chapatali, nkhope kumbali. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza. Kenako ndinazolowera, mpaka ndinayamba kuukonda ulemu umenewo. Tsono pakhomo ponse wodziwa kuyatsa chinthucho ndinali ine ndekha, ndipo makutu a mkuluyo ankatha tikuona. Ndinkaopa kuti adzatsekeratu asanamvenso mwana wawo.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, netiweki inagwira. Nkhope ya amuna anga inaoneka. Ndinaika laputopu pampando, n'kubwerera pamalo panga pafupi ndi khola. Apongozi aamuna anawerama, anapendeketsa mutu uku ndi uku.

"Milomo ndikuiona, kweni mawu palije," anatero, kutanthauza kuti sakumva kanthu.

Ndinawakankhira timahedifoni pamphasa. Anatitola, koma zala zawo zaukalamba zinkalephera, tinkangogwera m'malaya. Apongozi aakazi anayesa, anaika chozondoka. Ine ndinangoti ndwii pansi, mtima ukuwawa.

"Mkamwana," mkuluyo anaitana osandiyang'ana, "senderani kuno. Ndapota."

Ndinayang'ana apongozi aakazi. Anagwedeza mutu movomereza. Ndinayenda ndi mawondo mpaka pampandopo. Sindinkadziwa kuti kumbuyo kwa khutu la mkuluyo kuli chipsera, kapenanso kuti amanunkhira sopo yemweyo amene ndinkawachapira zovala. Ndinagwira khutulo, lozizira, lopepuka, n'kulowetsa kahedifoni. Chingwe chinkasolokasoloka pa laputopu, ndiye sindikanachoka. Ndinakhala pomwepo nditachigwira, phewa langa pafupi ndi bondo lawo.

"Adada, mukundimva?" Milomo ya amuna anga inatero.

Mkuluyo anatseka maso. "Nkhupulika. Lankhula chilichonse, mwana wane."

Koma amuna anga anaphimba nkhope ndi chipewa chawo cha kuntchito. Apongozi anadikira, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati chinthucho chafanso.

"Ayi, adada. Akulira."

Ndinafuna kusuntha kuti ndiwapatse mpata, koma anakweza dzanja.

"Mbwenu musachigwedeze," anatero. "Ndikumumva bwino chomene."