Chizungulire cha aSipoko

Anthu ankawatcha aSipoko chifukwa cha ntchito yawo ndi thupi lawo lomwe. Ankakonza njinga, ndipo anali aatali, owonda ngati sipoko ya gudumu la njinga. Malo awo anali pakona ya msewu, pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Anali ndi benchi, bokosi la masipanala, ndi beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka chubu. Sanali munthu wolankhulalankhula. Ukawabweretsera gudumu lokhota ankalizunguza, kutsinzina diso limodzi, n'kufunsa kuti, "Mumanyamula chiyani apa, ng'ombe?" Nthabwala yawo inali yomweyo chaka ndi chaka.

Pakamwa pa banjalo panali akazi awo, telala wosoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde. ASipoko ankawaitana kuti "abwana", ndipo sankanama. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Atakula anapita kumzinda wakutali, nakalowa ntchito pa fakitale yoika zakudya m'zitini.

Matenda a shuga anawalowa amayiwo mwakachetechete. Poyamba ulusi unkaphonya singano. Kenako anayamba kupatsa moni munthu mmodzi kawiri. Mapeto ake m'maso munangoti bii, ndipo makina osokera anafunditsidwa nsalu. Koma kukhitchini anakana kuchokako, mpaka tsiku lina mkono wa bulauzi unagwira moto pambaula. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo ndiye anamva kukuwa n'kudzawathira madzi.

"Moto ayi, ine ndikakhala kulibe," anatero aSipoko madzulo ake.

"Ndiye masana ndizidya chiyani, mphepo?"

Mwana wawo atamva anayamba kutumiza makatoni pa basi. Munali zitini zimene fakitale inkapatsa antchito chifukwa zinali zophwanyika m'mbali, ndipo zambiri zinalibe pepala losonyeza zam'kati. ASipoko ndi maso awo onsewo ankalephera kudziwa zam'kati. Ankatsegula poyesa nsomba n'kupeza zipatso. Akazi awo ankaseka mpaka misozi, n'kutenga chitini, kuchigwedeza pakhutu.

"Izi ndi nsawawa, zikuphokosera. Iyi ndi nyama, ili duu. Nanga maso anuwo amakuthandizani chiyani, bambo?"

Vuto linali kachipinda kosungiramo zakudya. Kanali kopanikiza, mashelefu ake akuya ndi apamwamba. Amayiwo ankapapasa, n'kumakankha zitini mosadziwa. Tsiku lina chitini chachikulu chinawagwera pachala chakuphazi, ndipo bala lake, monga zimakhalira ndi shuga, linatenga miyezi kuti lipole.

Apo mpamene aSipoko anagwetsa mashelefu aja. Anabweretsa paipi yachitsulo n'kuiimika pakati pa kachipindako, kuchokera pansi mpaka kudenga. Anatenga magudumu atatu a njinga zakufa, kuwaongola, kuthira girisi m'mahabu, pakati pamene gudumu limazungulira, n'kuwaveka papaipiyo mogoneka, lina pamwamba pa linzake. Pagudumu lililonse anayalapo thabwa lozungulira, ndipo m'mphepete anamangamo waya kuti chitini chisagwe. Munthu ankangoima pakhomo n'kukankha ndi chala, zitini zonse n'kumadutsa pamaso pake. Gudumu lapamwamba linali la nsomba ndi nyama, lapakati la nyemba ndi nsawawa, lapansi la mkaka ndi zipatso. Pagudumu lililonse anamangapo kachidutswa ka chubu. Chitini chimene chili pafupi ndi kachubuko ndicho chakale, choyenera kuyamba kudyedwa. Zatsopano zinkalowa kumbuyo kwa mzere.

Anawagwira dzanja akazi awo n'kuliika pagudumu lapakati.

"Kankhani, abwana."

Amayiwo anakankha. Gudumu linayenda osalira n'komwe. Analiimitsa, kulibweza, kulikankhanso.

"Mwandipangira chizungulire," anatero. Kenako anati, "Chabwino. Mwayesetsa."

Kwa iwo kuyamika kunali komweko, ndipo dzina la chinthucho linakhala lomwelo.

Zaka zingapo zinadutsa bwino. Masana amayiwo ankadzisankhira okha chakudya, kutsegula okha, kudya ndi buledi. Anzawo akabwera ankawalowetsa m'kachipindako kukawaonetsa, n'kumanena kuti mwamuna wawo anachedwa kusonyeza nzeru. Koma shuga sanaime. Anafika ku zala, zinayamba dzanzi, mwakuti chitini chotupa, chimene zam'kati zaonongeka, sankachizindikiranso pochigwira. Ntchito imeneyo inakhala ya aSipoko. Katoni ikafika ankayang'ana chimodzichimodzi, ndipo nthawi ndi nthawi ankazunguza magudumu onse kufufuza chimene chayamba kufufuma pamwamba. Zoterozo sankazitaya kudzala, chifukwa kumeneko kunkabwera anthu otoleza, ndipo wanjala safunsa. Ankaziika m'katoni pansi pa chizungulire, zikachuluka n'kukazikwirira.

Ngozi inawapeza pantchito, dzuwa lili paliwombo. Galimoto ina inaphonya kona n'kudzalowa pamalo pawo. Wometa anathawa, wosoka nsapato anathawa, koma aSipoko anali atawerama pabeseni. Anathyoka m'chiuno, ndipo anawagoneka kuchipatala chachikulu.

Kunyumba kunabwera mchemwali wawo wa aSipoko kudzasamala mlamu wake. Anali mayi wolimbikira, wosakonda kuona fumbi. Anachapa makatani, anakwecha miphika, analowanso m'kachipinda kaja ndi tsache. Pansi pa chizungulire anapeza katoni ya zitini. Anaganiza kuti achimwene ake analibe nthawi yozilongedza. Anazipukuta bwinobwino n'kuziika pamene panali mipata.

"Alamu, zina zinatsala pansi, ndaziika," anatero.

"Mwachita bwino," anayankha amayiwo, poyesa kuti ndi zimene zinabwera kumene.

Tsiku lina mchemwaliyo atapita kuchipatala ndi chakudya cha wodwala, amayiwo anatsegula nsomba. M'mawa mwake anadzuka akusanza. Pofika masana lilime linali litalemera, madzi akukanika kumeza. Anthu anati ndi sitiroko, ena anati ndi shuga yemweyo. Pamene ankapeza galimoto n'kuti mpweya ukuvuta kale. Anawagoneka m'chipatala chomwecho, chipinda cha amayi, kuseri kwa khoma la chipinda chimene munagona amuna awo. Anamwalira osalankhulanso.

ASipoko anauzidwa ndi wometa uja, chifukwa achibale onse ankakankhizana. Anamvetsera, maso ali kudenga.

"Anadya chiyani?" anafunsa.

"Sindikudziwa, achimwene."

"Kawafunseni. Mukaonenso katoni ili pansi pa chizungulire."

Wometa anabwerako madzulo. Katoni inali yopanda kanthu. Chitini cha nsomba chinapezeka m'ndowa ya zinyalala, chivindikiro chake chitafufuma.

Kumaliro aSipoko sanapite. Madokotala anakana, ndipo ngakhale akanalola, sakanatha kukhala tsonga. Anatuluka m'chipatala patapita milungu, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Mchemwali wawo anawagwadira pakhomo akulira.

"Achimwene, ine ndimayesa zonenepa ndiye zodzaza bwino."

"Dzukani," anatero aSipoko. "Munasesa m'nyumba. Palibe chimene munalakwa."

Koma mayiyo sanapondenso pakhomopo, ndipo akakumana nawo pamsewu ankakhotera kwina.

Ndi mwana wawo zinavuta kwambiri. Anali atabwera kumaliro n'kutsalira kudikira bambo ake. Kwa masiku angapo ankawaphikira, kuwachapira, osakweza maso. Tsiku lina ali kukhitchini zinamuphulikira.

"Bambo, chinthu choola mumasunga m'nyumba mwa munthu wosaona? Dzenje linali kutali?"

"Ndimati zichuluke kaye."

"Zichuluke!"

ASipoko akanangokhala chete monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo pakamwa panawatsogolera.

"Nanga anazitumiza ndani?"

Mwanayo anaika mpeni pansi, anapukuta manja, n'kupita kukalongedza chikwama. Bambo ake anamuitana kawiri, koma iye anapitiriza kulongedza. Anakwera basi ya masana omwewo.

ASipoko kuntchito sanabwererenso, chifukwa chiuno sichinkawalola kunjuta. Pakona paja panadzakhala wogulitsa mafoni. Kachipinda kaja anakakhoma ndi msomali zitini zili momwemo, ndipo ankadya zimene mayi woyandikana nawo wawapatsira pampanda. Anaonda kuposa kale, mpaka dzina lawo linasiya kuseketsa anthu.

Mvula itagwa n'kutha, mwana wawo anabweranso. Anali atasiya ntchito kufakitale kuja n'kulowa ina yochapa zovala m'hotela. Anawapeza atakhala pakhonde, ndevu zili nyankhalala.

"Bambo, ndabwera kudzakutengani. Simungakhale nokha chonchi."

"Amayi ako ali kuno."

"Amayi ali kumanda. Inu muli pakhonde, simunasambe."

Za tsiku lija palibe anazitchula. Mwanayo anazula msomali uja, anakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kukwirira zitini zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Chizungulire anachisiya chili chiimire, chifukwa paipi inali yolimba ndipo mwini nyumba ya lendiyo anati alendi atsopano aona chochita nacho.

M'basi aSipoko anakhala kuwindo, ndodo zili pakati pa miyendo. Atayenda mtunda ndithu anafunsa ngati kumene akupitako kuli masitepe.

"Alipo," anatero mwanayo. "Ndimakhala pamwamba."

"Ndiye ndikakwera kamodzi, basi."

Ndipo zinaterodi. Anakhala m'chipinda chapamwambacho chaka ndi miyezi, ndipo potsika anachita kuwanyamula anthu, ali maliro.