Apongozi Kuseri kwa Mphasa pa Sikuta Yanga

Anyamata a kabaza amene mukuuluka ndi njinga zamoto masiku ano, khalani pansi ndikuuzeni. Msewu uwu wa Nkopola ndinayamba kuutentha ndine, amayi anu asanathe n'komwe msinkhu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma za injini musandiyese. Funsani aliyense wa imvi kuyambira ku Makokola mpaka pa mlatho wa Shire, akuuzani kuti sikuta yobiriwira ija inali ya ndani.

Zinali zaka zija anzathu a ku Mozambique ankalowa kuno ndi mitolo pamutu, kuthawa nkhondo. Ine ndinkagula usipa ndi utaka wouma kunyanja n'kukagulitsa kumtunda. Sikutayo ndinagula kwa khuki wina wa pahotela, yemwenso anaigula kwa mmwenye wa ku Limbe. Inachokera ku India, yotchipa, matayala ake ngati mbale za ndiwo. Khuki uja anaigulitsa motaya chifukwa inkalira ngati udzudzu ndipo atsikana ankamuseka. Ine ndinati limenelo si vuto, ndi kusowa nzeru kwa mwini wake.

Ndinapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pa boma. Choyamba tinadula ekizozi n'kulumikizapo paipi ya pa mjigo. Walayi, itangolira, mbuzi za pamsika zinadula zingwe. Kenako hutala ya basi. Batire silinkaikwanitsa, ukaimba hutala injini inkachita ngati yatsamwa, koma munthu sungapeze zonse. Magalasi oonera kumbuyo ndinaika ambirimbiri, ena a njinga yakapalasa, lina lometera ndevu, moti dzuwa likawomba anthu ankaphimba kumaso ngati kukudutsa nduna. Kumbuyo tinaikako kaliyala wa zitsulo za bedi, wonyamulira madengu a nsomba. Amayi a m'midzi ankadziwa kuti ndiwo zikubwera ndisanatuluke n'komwe m'tauni.

Koma ulemerero wonsewo unali wa pamsewu. Kunyumba ndinali mkamwini. Ndinakwatira kumunsi kwa mapiri a Chowe, ndipo monga mwa mwambo ndinkakhala kwawo kwa akazi anga, kulima munda wa apongozi, kufolera nkhokwe ya apongozi, kuthamangitsa anyani m'chimanga cha apongozi. Ku Nkopola ndinali nditamanga nyumba yanga ya njerwa zootcha, koma munkagona mileme. Chimene ndinkafuna ndi chitengwa, kutenga mkazi wanga ndi ana kupita nawo kwathu kunyanja. Ankhoswe anayenda mpaka nsapato kutha. Atsibweni ake a mkazi wanga anavomera, koma anati, "Mawu omaliza ali ndi mlongo wangayo." Ndipo mlongo wawoyo, apongozi anga, yankho lawo linali limodzi chaka ndi chaka: "Tikakolola."

Inu ana a lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi, mpaka kujambulitsa mutagwirana mapewa. Ife ayi. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'tchire mbali ino, iwo mbali inayo, tonse n'kunjuta, moni kumapatsana titayang'ana kumitengo. Zaka zonsezo nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa zidendene zawo ndi katsokomoledwe kawo.

Tsiku lina kunabwera uthenga. Mng'ono wawo wa apongozi, amene anakwatiwa ku Mozambique ndipo tonse tinkati mwina anafa, wadutsa malire, ali kwa abale kupitirira Namwera. Apongozi anafuna kunyamuka nthawi yomweyo. Koma basi ya njira imeneyo inali ya mwayi, lero ilipo, mawa yafera m'phiri. Ine ndinaona kuti khomo latseguka. Ndikawafikitsa ngati mfumukazi, chitengwa adzakana ndi pakamwa pati? Ndinauza akazi anga mokweza, kuti a kuseri kwa mpanda amve:

"Kawauzeni amayi kuti galimoto ilipo pakhomo pano!"

"Abambo, mwapenga?" anatero akazi anga. "Amayi akugwireni m'chiuno inuyo?"

"Ndani wanena za kugwirana? Mutu uwu si wongonyamulira kofiya."

Ndinagula mpando wa nsungwi wokhala ndi manja, uja amagulitsa kwa azungu m'mbali mwa msewu. Tinaumangirira pa kaliyala ndi malegeni, choyang'ana kumbuyo, kuti apongozi aziona kumene tikuchokera, ine kumene tikupita. Wowotcherera uja anaikapo thabwa lopondapo. Pakati pa msana wanga ndi msana wawo ndinaimika mphasa pa nsungwi ziwiri, yaitali kupitirira mutu. Ndiye panatsala magalasi. Galasi lilibe mwambo, limakuonetsa chilichonse. Ndinawamanga onse ndi nsanza, mpaka sikuta inaoneka ngati yangotuluka m'chipatala.

"Achimwene," anatero wowotcherera uja akuizungulira, "ichi chikapita kutsogolo mudzandiuze. Ine ndikuona ngalawa ya tanga."

"Iwe wotcherera. Za kuyendetsa usiyire eni ake."

Apongozi atachiona anati apita wapansi. Akazi anga anawanyengerera, kuwakumbutsa kuti wapansi akafika mawa lake, pomwe m'bale wawo sitikudziwa kuti ali bwanji. Chikondi cha pa mng'ono ndicho chinawakweza, osati kukongola kwa ntchito yanga, ngakhale kukongolako kunalipo.

M'mawa mwake ndinakhala pa chishalo, maso kutsogolo ngati msilikali. Ndinkangomva akazi anga akuwakweza, akumanga thumba la ufa ndi usipa pansi pa mpando. Sikuta inatitimira kumbuyo, tayala lakutsogolo n'kupepuka ngati likufuna kuuluka. Ndinati Bisimila, n'kuponda.

Pachigwa tinayenda ngati mafumu. Mphepo ikawomba mphasa ija tinkapita kumanzere, ikaleka tinkabwerera. Anthu m'minda ankaimika makasu.

Ndiye tinafika pa chitunda cha Chowe. Amene munaudziwa msewu uja kale mukukumbukira, umakwera mokhotakhota ngati njoka yomenyedwa. Sikuta inayamba kubanika. Giya thu, yakana. Giya wani, ikungokwawa, moti nkhuku ikanatipitirira. Utsi uli tolo, ine thukuta kamukamu, mapazi ndikupalasa pansi uku ndi uku ngati bakha. Mumtima ndinkati, ikazima pano, chitengwa chazimanso. Ndinaigwira m'makutu n'kuikalipira: "Usandichititse manyazi, mwana wa ku India iwe!"

Walayi, inamva. Mwadzidzidzi inachita ngati wina waikankha, inapepuka, inalira ngati ndege ya pa Makokola, n'kumeza chitunda chonse osapumira. Ndinaimba hutala. Ndinati paipi ya mjigo ija tsopano yayamba ntchito.

Titafika pamwamba msewu unali see, mtima unakhala pansi, ndipo nzeru ina inandibwerera. Ndi liti lina ndidzawapeze apongozi pafupi chonchi, popanda kuonana maso, popandanso kothawira? Ndinachepetsa moto n'kuyamba. Mawu anga mukuwadziwa, ekizozi sinkawaposa.

"Amayi! Mundikhululukire, ndilankhule ngati mwana wanu!"

Chete.

Ndinati eya, munthu wamkulu amatero, akumvetsera. Ndinafotokoza za nyumba ya njerwa. Ndinafotokoza za chambo chimene adzukulu awo azidya m'malo mwa therere, za sikelo ya ana ili pafupi, za msana wanga wotha ndi khasu. Ndinalonjeza kuti pa Idi tizibwera tonse ndi mpunga. Ndinafika mpaka ponena kuti anyani a m'munda mwawo anandizolowera, akandiona amangosendera kuti ndikhale nawo. Sanandidule mawu. Kale akamva za chitengwa kuseri kwa mpanda ankatsokomola, koma tsiku limenelo ngakhale kutsokomola kunalibe. Ndinati nkhani yapsa.

M'njira anthu ena ankandikodola, ena kuloza kumbuyo kwanga. Ndinkawabwezera dzanja. Munthu ukakhala ndi chinthu chokongola umazolowera kulozedwa. Lole yonyamula ufa wa othawa nkhondo inatipitirira, anthu ali pamwamba pa matumba, akukuwa, akumenya m'mbali mwa lole. Fumbi linandidzaza m'maso, sindinaone bwino. Ndinangowaimbira hutala kuti nawonso asangalale.

Pa kamsika kena ndinaima kuti injini ipume. Sindinatsike, ndinangoitana mayi wa zitumbuwa. Ndinagula zotentha, n'kupinda mkono kuseri kwa mphasa, nkhope ili kutsogolo.

"Amayi, landirani kamba, mutsitsire fumbi."

Ndinazisiya, ndinamva kuti zagwera pabwino. Mayi wa zitumbuwa uja anasuzumira kuseri kwa mphasa, n'kundiyang'ana ine, n'kusuzumiranso.

"Bambo, mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi apongozi anga! Simukuwaona? Apatseni moni, mwambo unapita kuti kuno?"

Mayi uja anagwada pang'onopang'ono, n'kunena monong'ona, "Salamu aleko, amayi." Kenako ananyamula beseni lake n'kuthawira kuseri kwa sitolo, patapata imodzi kuisiya pomwepo. Ndinati anthu akumtunda ndi amanyazi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinalowa m'mudzimo ndi hutala, agalu uku, nkhuku uku. Pakhonde la nyumba ina panali amayi atakhala pamkeka. Ndinazimitsa injini, ndinatsika mosamala, ndinanjuta pambali pa sikuta nditapereka msana ku mpando uja, n'kuomba m'manja.

"Tafika, amayi. Tsikani bwino, thabwa lili pansi pa mapazi anu."

Ndiye ndinamva kutsokomola. Kutsokomola kuja ndimakudziwa. Koma sikunachokere kumbuyo kwanga, kunachokera kutsogolo, pakhonde. Ndinadzutsa mutu, ndipo maso anga anagwera m'maso mwa mayi wotuwa ndi ufa kuyambira pa duku mpaka kumapazi, akumwa thobwa. Umo ndi mmene ndinaonera bwinobwino nkhope ya apongozi anga koyamba. Ndinatembenuka. Pampando panali zitumbuwa.

Apongozi anakokera chitenje kumaso, n'kutembenukira kwa mng'ono wawo, mayi wowonda, mapazi otupa ndi ulendo wa m'tchire.

"Muuzeni mkamwini wangayo," anatero, "kuti pachitunda paja ndinaona chinthu chakecho chikufa, ndiye ndinatsika kuti ndikankhe, monga timachitira ndi basi. Ndinakankha. Chinapita. Ndinakuwa. Ndinagenda mwala, unamenya mphasa. Pakanapanda a lole aja, bwenzi pano ndikucheza ndi anyani."

Mng'ono wawoyo anatsegula pakamwa kuti andiuze, koma anangophulika nalo phwete. Anaseka mpaka kugona cham'mbali pamkeka, misozi ili chuchuchu, akuloza mphasa, akuloza zitumbuwa, akuloza ine. Abale a pamenepo anati chifikireni mayiyo anali asanasekepo, ngakhale kudya ankachita kumukakamiza. Zimenezonso muzilembe pa mbiri ya sikuta yanga.

Ine ndinaona kuti munthu sufa kawiri. Nditayang'ana pansi ndinauza mng'ono wawoyo, "Awuzeni amayi kuti m'njiramu ndinawapempha nkhani, ndipo sanakane."

"Nkhani yanji?"

"Ya chitengwa."

"Munapempha ndani, poti iwo anali pa lole?"

"Ine ndinapempha mwaulemu. Zoti kunali ndani kuseriko, mwambo sunandilole kuona."

Apongozi anakhala chete, tsopano chete wokhala ndi munthu mkati. Kenako anaika chikho pansi.

"Muuzeni atenge. Mkazi wake, ana ake, ndi chiphokoso chakecho. Akakhalabe pamudzi panga, tsiku lina ndidzadwala, ndipo adzafuna kundinyamula kupita nane kuchipatala. Koma mwana wanga apite pa basi."

"Afunseni, nanga pobwerera ndiwadikire?"

Apa sanadzerenso mwa mng'ono wawo. Anandiyankha okha, maso ndi maso.

"Pita!"

Ndinapita. Kutsika Chowe mphepo inali kumbuyo, mphasa inadzaza, petulo sindinawononge. Nditangolowa pakhomo akazi anga anathamanga kudzandichingamira, ufa uli m'manja.

"Amayi mwawafikitsa bwino?"

"Afika bwino kwambiri. Anayamba kufika ndi iwo."

"Anayamba bwanji, pomwe munali pa njinga imodzi?"

"Mayi, mafunso tikafunsana ku Nkopola. Yambani kumanga miphika."