Khadi la a Kamwendo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ankagulitsa mandasi pakhonde la kashopu ka Che Idrisa ku Old Town, chakufupi ndi depoti. Ndinali nditamaliza Fomu 4, ndikungokhala pakhomo nkumatha ufa wa anthu. Che Idrisa anandifunsa funso limodzi lokha: "Kompyuta umaidziwa?" Ndinati ndimaidziwa, ngakhale kuti ya kusukulu kwathu ndinkangoiona itafunditsidwa nsalu mu ofesi ya ahedi. Mawa lake ndinayamba.

Tinkagulitsa timawailesi ta memori, tija anthu ankatitchula kuti ma MP3. Tinalipo ta mitundumitundu. Tina tinali tating'ono ngati bokosi la machesi, tokhala ndi kopanira pamalaya, topanda sikirini. Timeneti ankatikonda ndi anthu a m'magadeni a ku Area 12, chifukwa manja amakhala ali pa paipi. Tina tinali ndi sipika, FM ndi tochi, ndipo batire lake linali lochotsa ngati la foni. Mabwana a kumayadi sankabwera kwa ife, iwo ankagula zawo ku City Centre. Ife makasitomala athu anali antchito awo.

Kuseri kwa kauntala kunali kompyuta yakale yodzaza nyimbo, ndi kachipangizo kolowetsamo makhadi. Lamulo la Che Idrisa linali losasintha. Khadi lililonse lobwera ndi kasitomala, uyambe walifomata, ndiye kuti kufufuta zonse zili m'menemo. "Makhadi a m'tauni muno ndi odwala onse," ankatero. "Sindikufuna vairasi mu kompyuta yanga." Ukatero ulidzaze nyimbo mpaka pakamwa, kwaulere. Limeneli ndiye linali basela la pashopu pathu, ndipo Che Idrisa ankanyadira nalo kwabasi. Sanali munthu woipa. Anali wopatsa, koma wopatsa mosafunsa.

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachisanu. Chakum'mawa kunabwera bambo wina wachikulire atavala jekete la ulonda, maso ali psuu ndi tulo. Anati ndi a Kamwendo, amalondera nyumba ina ku Area 10, ndipo angoweruka kumene. Che Idrisa anali panja akulandira katundu, ndiye ndinawathandiza ndine.

A Kamwendo anatulutsa kabotolo ka mankhwala m'thumba la mkati, m'kabotolomo kapepala, m'kapepalamo khadi. Anandiuza kuti akazi awo, Nabanda, anamwalira dzinja lapitalo. Asanadwale, mwana wawo wamkazi ankawajambula mawu pafoni akamayimba nyimbo za kwaya ya amayi uku akuchapa. Foniyo inagwera m'ndowa nkufa, koma khadi linapulumuka. Kwina kulikonse mawuwo kunalibe.

"Ndikufuna kawailesi koti ndizimvera mayi a kunyumba pageti paja," anatero. "Usiku umatalika, mwanangu."

Tinayamba kusankha, ndipo tinasankha mofatsa. Ka sipika anakakana, ati bwana angamve nkuganiza kuti mlonda akusewera. Kopanda sikirini ndinawaletsa ndine, chifukwa sungaone chimene ukufuna kubwereza. Kena kanali kokongola koma batire lake lomatirira, likafa ndiye kuti kafa konse. Kalikonse kamene tinkayesa tinkaikamo khadi lomwelo, ineyo hedifoni imodzi, iwowo inayo. Ndinamva mawu a mayi wina okhuthala bwino akuyimba, madzi akukhavuka m'beseni, kenako kuseka: "Iwe, chotsa chifoni chakocho, ndili ndi thovu m'manja!" A Kamwendo anaseka nawo, misozi ikutsika, osaipukuta.

Anasankha kakuda ka sikirini, ka batire lochotsa. Ati azimvera khutu limodzi, linalo lizimvera akuba. Koma mahedifoni a m'bokosi mwake anali akufa mbali imodzi. Che Idrisa analowa ali kalikiliki, nthawi ya kumzikiti itayandikira. "Tiya, thamanga ku holoselo ukatenge ena, changu, ndikufuna kutseka." Khadi ndinalisiya m'kawailesi pakauntala, ndipo kwa ine linali pamalo abwino. Ndinathamanga.

Ku holoselo kunali mzere. Pobwerera ndinapeza kawailesi kali pakauntala pomwepo, koma pakamwa pake pali pululu. Khadi linali mu kompyuta, kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini, katatsala pang'ono kufika kumapeto. A Kamwendo anali chiimire, chipewa chili m'manja. Che Idrisa ankamwetulira.

"Madala ndawaikira zonse," anatero. "Za uzimu, za kale, ngakhale za achinyamata. Sagonanso pa ntchito amenewa."

Ndinafunsa ngati afomata, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Anati inde, nanga lamulo si lomwelo? Nditawafotokozera chimene chinali m'khadimo, kumwetulira kunathera pomwepo. Anazula khadi mu kompyuta ngati akuchotsa dzanja pamoto, koma zinali zitatha kale.

Ndinatembenukira kwa a Kamwendo, ndili ndi ukali womwe sindinkadziwa kuti ndiutulire ndani. "Nanga inu bambo, bwanji simunawaletse?"

"Ndinaona akulitenga," anayankha motsitsa mawu. "Ndinati bwana akudziwa chimene akuchita. Ine ndikanayamba bwanji kuwafunsa eni ake shopu?"

Umo ndi mmene anakhalira moyo wawo wonse, kutsegula geti, kuvula chipewa, osafunsa kanthu. Ulemu womwe unkawasungira ntchito ku Area 10 ndi womwe unawatseka pakamwa akazi awo akufufutidwa iwo akuona.

Che Idrisa atabwerako kumzikiti anakwera minibasi ndi khadilo kupita kwa katswiri wina ku City Centre. Anabwera madzulo nkhope itagwa, a Kamwendo akudikirabe pashopu. Katswiriyo anati likanangofomatidwa basi, mwina akanavuula kanthu, koma nyimbo zatsopano zija zinakhala pamwamba pa zakale nkuziphwanya. Kunali kudzaza kuja, basela lija, komwe kunamaliza zonse. Che Idrisa anapepesa mpaka mawu kuwathera, ndipo anati kawailesiko atenge ulere. A Kamwendo anathokoza. Chimene chinandipweteka kwambiri nchakuti anathokozadi, mpaka kuwomba m'manja.

Ndinkayesa kuti sitidzawaonanso. Koma sabata yotsatira anabwera, nthawi yomwe ija, jekete lomwe lija. Anadikira mpaka Che Idrisa atatuluka, kenako anaika khadi pakauntala.

"Mwanangu, undichotsere nyimbo zonsezi."

Ndinafunsa ngati sanazikonde, kuti ndiwaikire zina.

"Ayi, nzabwino ndithu. Koma zadzaza. Ndimaganiza kuti mukakhala malo, mwina Nabanda angabwererenso."

Ndinkadziwa kuti sizitheka. Katswiri anali atanena, ndipo ngakhale ine wa kompyuta yofunditsidwa nsalu ndinali nditamvetsa. Komabe ndinalowetsa khadi, nkulifomata kachiwiri, nkulibwezera m'kawailesi kawo. Sikirini inaonetsa kuti mulibe kanthu. Iwo anavala hedifoni khutu limodzi, anamvetsera kanthawi, nkugwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti abwerenso mawa. Anatuluka kulowera ku depoti.

Ndinagwira pashopupo mpaka malonda a timawailesi atafa. Mafoni a tachi atachuluka, palibe ankafunanso kunyamula zinthu ziwiri m'thumba. Che Idrisa anayesa kugulitsa makava a foni, kenako anatseka shopu. Lamulo lofomata sanalisiye mpaka tsiku lomaliza, kungoti ankayamba wafunsa, ndipo pofunsapo sankamuyang'ana munthu kumaso. Ine pano ndimachapa ndi kusita kunyumba ina ku Area 15, ndipo zonse ndinaphunzira za mabatire ndi makhadi zilibenso ntchito.

Chimene ndinatsala nacho nchimodzi. Munthu akakupatsira chinthu chake, mufunse kuti muli chiyani, ndipo ufunse kawiri ngati ndi munthu wozolowera kuvula chipewa, chifukwa ameneyo sangakuletse. Phunziroli ndi labwino, koma silinabwezere munthu kalikonse. Mawu a Nabanda tinawamva komaliza ndife awiri, ine ndi amuna awo. Nthawi zina ndikamachapa ndimayesa kukumbukira nyimbo ija, kuti mwina tsiku lina ndikadzakumana nawo ndidzawayimbire. Kuseka kuja ndimakukumbukira, ndi thovu lija. Nyimboyo inandithawa.