Chipewa cha a Pilato

A Pilato Mulipa anabwera kuchokera ku Halale m'chaka cha 1954 ndi zinthu zinayi zoti anthu aone: chipewa cha nthenga, jekete, nsapato zolira ndi bulangete lofiira. Chachisanu sanaonetse munthu. Anali makhadi a njuga, m'thumba la m'kati.

Zinayi zija ndi zimene zinawapezera mkazi. Anakwatira Eneles kufupi ndi Limbuli, nalembedwa ntchito yothyola tiyi ku esiteti. Koma anali mkamwini. Munda wa Eneles, malo a Eneles, ngakhale nthochi za kuseri. Kulakwa pang'ono, akanangouzidwa kuti nyamulani bulangete lanu muzipita.

Loweruka lililonse akalandira phoso, malipiro a pamlungu, ankasamba n'kutsanzika kuti akupita ku kalasi ya ubatizo. Kalasi yake iti! Inali m'mabulugamu a kampani, amuna asanu atazungulira chiguduli. Zaka zitatu munthu osabatizidwa, Eneles n'kumangoti kaya mutu ndi wouma.

Kenaka katundu anayamba kuona ngozi. Chipewa chinauluka ndi mphepo ya m'phiri. Nsapato zinapita ndi madzi powoloka Muloza. Jekete analanda ndi asilikali a Chipwitikizi. Abale, bodza ankalitha bambo amene uja, mpaka misozi m'maso! Mumtima ankalumbira kuti Loweruka likubwerali abweza zonse n'kusiyiratu. Loweruka likafika, manja ankayabwa kuyambira m'mawa.

Phoso litayambanso kufika lopereweza, Eneles anatumiza mawu kwa atsibweni ake, a Moffat, nkhoswe ya banjalo, kuti wina akumulodza mwamuna wake.

A Moffat anafika Lamulungu masana, nsapato zikulira kuchokera kumsewu. Kumutu nthenga ili pekupeku. A Pilato anayang'ana kumbali.

"Atsibweni, mwatchena," anatero Eneles, maso ali pa jekete. "Mwazipeza kuti?"

"Pamsika pa Limbuli, mwanawe, motchipa!" anatero a Moffat, amene zovala za mkamwini wawo anali ataziiwala kalekale. "Wandigulitsa ndi mkulu wina wanjuga. Akuti amadyera chitsiru china m'mabulugamu, chimene chimanamiza mkazi wake kuti chili ku kalasi!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Dzulo wachidyeranso bulangete lofiira. Ndikalitenga mawa."

Anaseka okha.

Eneles analowa m'nyumba, nafunyulula mphasa yosungiramo bulangete lija, imene a Pilato anaipinda okha dzulo lake, mwaulemu wachilendo. Munalibe kanthu. Anatuluka osalira, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa a Pilato.

"Mphepo ndinaikhululukira," anatero Eneles. "Mtsinje ndinaukhululukira. Ine usiku ndimakupemphererani, inu mukundiseka. Atsibweni, auzeni anyamule bulangete lawo azipita."

A Moffat, amene tsopano anali atavula chipewa n'kuchibisa kumbuyo, anayang'ana pansi.

"Mwanawe, nanga anyamula chiyani?"

Eneles anaponyera mwamuna wake chiguduli chimene ankafunda pothyola tiyi m'mvula. A Pilato anachitola. Ankamukonda ndithu mkazi wawoyo, ndipo anayenda akulira ngati mwana, cholinga chili chokagona kwa mbale wawo ku Muloza.

Njira yake inkadutsa m'mabulugamu. Atamva makhadi akulira phwa, phwa, anaima. Anayang'ana chiguduli chija. Chinali chikadali chatsopano ndithu, chosabooka pena paliponse.

Anapukuta misozi, nakhota.