Maluwa Akuda pa Makhadi a Mwana Wanga

Riboni ndinaiika chadodolido. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa amayi asanu ndi awiri anaona ndi maso awo, ndipo ngakhale nditabisa pano, nkhaniyo inafika kale mpaka pamsika wa Chongwe.

Mwana wanga wamkazi anali pafupi kukwatiwa. Kwathu kuno mtsikana asanalowe m'banja, amayi amamuchitira kicheni pate: amasonkhana, amamulangiza, amavina, ndipo aliyense amabwera ndi chiwiya cha kukhitchini. Kuti pasabwere mabeseni makumi atatu popanda ndi mpeni umodzi womwe, komiti ya amayi imalemba pa khadi lililonse dzina la woitanidwa ndi mphatso yoti abweretse. Makhadiwo amagawidwa Lamlungu potuluka m'tchalitchi, anthu onse ali pamodzi. Pate inali Loweruka lotsatira, choncho Lamlungu loti tigawire linali limodzi lokha. Tikanaliphonya, mwana wanga akanavinidwa ndi mipando.

Iye ankafuna kukasindikiza ku boma, pa kashopu ka makina atsopano. Ine ndinadzigunda pachifuwa.

"Makhadi yako nizapanga ine, pa pulinta yanga. Na makala yonse: wofiila, buluu, yelo."

Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira minibasi imene chitseko chake amamanga ndi chingwe.

"Adadi, musakanichititse manyazi."

Koma anavomera.

Pulinta imeneyi ndinaipeza kalekale, ndikugwira ntchito yosunga makiyi a nyumba ya katundu pa famu ina ya ng'ombe za mkaka cha ku Palabana. Mu ofesi atagula zatsopano, kompyuta yakale ndi pulinta yake anaziika pakhonde kuti zitayidwe. Ndinapempha, n'kundipatsa, pamodzi ndi mabokosi a mapepala ake aja olumikizana, okhala ndi timabowo m'mbali. Ndinamangirira zonse panjinga n'kuyenda wapansi ndikukankha, poopa kuti mabampu angakhutule nzeru za m'katimo.

Sukulu ndinalekera giredi seveni, koma kuwerenga sindinaleke. Buku la malangizo a pulintayo ndinaliwerenga lonse, dikishonale ili pambali, kawiri konse. Ndinawerenga ndi masamba a Chijeremani omwe. Sindinamvepo kanthu, koma ndinaona kuti kuwadumpha n'kupanda ulemu.

M'kati mwa pulinta muli kamutu ka tisingano ting'onoting'ono. Kamathamanga uku ndi uku kakumenya riboni, ndipo riboniyo imasiya timadontho papepala. Riboni ndi lamba wansalu wa mizere inayi: wakuda pamwamba, kenako wabuluu, wofiira, ndi wachikasu pansi. Ikafuna mtundu wobiriwira, imapita ndi chikasu n'kubwerera ndi buluu pomwepo, ngati mlimi wosakhutira ndi mzere umene wapalira. Duwa lofiiranso imaliyala chikasu kaye, kenako n'kupaka kufiira pamwamba. Ndipo imalira. Tsiku limene ndinaiyatsa koyamba, amayi aneba athu, amene amaweta nkhuku kuseri kwa mpanda, anabwera ndi dengu la chimanga pamutu. Amati ndagula chigayo. Mpaka lero amaitchula choncho.

Ine phokosolo ndimalikonda. Makina a masiku ano amalavula pepala mwakachetechete, ngati akuba. Yanga umaimva ikugwira ntchito, umaona duwa likumera mzere ndi mzere, ndipo ukatembenuza pepala umakhudza ndi chala pamene tisingano tinaponda. Mwana wangayu ali wamng'ono, ndinkamusindikizira dzina lake lomata pamakope, ndi duwa lofiira pambali. Iye ankang'amba timizere ta mabowo tija n'kuvala m'khosi ngati mikanda.

Vuto ndi lakuti mariboni otere anasiya kugulitsa. Ndinafunsapo ku Lusaka, ndipo wogulitsa wina anaitana anzake kuti adzandione. Ndiye ndinaphunzira kuidyetsa ndekha riboni yakaleyo. Ndimatsegula kabokosi kake, ndimaitulutsa yonse, n'kupaka mzere uliwonse ndi nthenga ya nkhuku yakeyake: inki ya sitampa, utoto wa nsalu, ndi kadontho ka mafuta a makina osokera. Ndi zimene ndinachita Lachisanu, kutatsala masiku awiri kuti tigawire makhadi. Magalasi anga anali atathimbirira ndi inki, ndiye ndinawavula, n'kubwezera riboni m'kabokosi ndi maso anga enieni, amene sasiyanitsa mbuzi ndi galu pa mtunda wa mapazi khumi.

Loweruka magetsi anali oti abwere thu koloko masana n'kuzima sikisi, monga mwa ndandanda ya masiku ano. Amayi a komiti anafika nthawi yake, atavala zitenje zofanana, amayi aneba ali patsogolo poti ndiwo anali apampando. Anadzaza chipinda chochezera. Ndinadina batani, pulinta inayamba kulira, ndipo ine ndinaifulatira n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinafotokoza za tisingano. Ndinafotokoza chifukwa chake chikasu chimayamba. Ndinali nditafika pa mbiri ya mapepala a mabowo pamene ndinazindikira kuti palibe amene akuyang'ana ine.

"Inu abambo," anatero mkazi wanga motsitsa mawu, "tatembenukani."

Mapepala anayi anali atatsika kale pansi. Mawu onse, amene anayenera kukhala akuda, anali achikasu, ofooka ngati tiyi wa kuchipatala, osawerengeka pa pepala loyera. Maluwa amene anayenera kukhala ofiira anali akuda bii, masamba ake ngati opserera ndi moto. Mzere wakuda unali pansi, wachikasu pamwamba, ndipo pulinta yanga yomvera inangochita zimene ndinaipatsa.

Amayi aneba anatola pepala limodzi, n'kulitalikitsa ndi dzanja.

"Baneba, nanga iyi ni kicheni pate kapena ni malilo? Tibwele na mapoto kapena na nkhata?"

Chipinda chonse chinaphulika. Wina anachita kugwira khoma. Ine ndinasekanso, poti panalibe china chochita ndi mano anga. Koma mwana wanga sanaseke. Anayang'ana nthawi pa foni, n'kutola kachikwama kake.

"Adadi, shopu amatseka folo. Nikanyamuka manje, nizapeza akalibe kutseka."

Sananene mwaukali, ndipo n'chimene chinandilasa. Akanyamuka, makhadi apezeka, pulinta yanga ibwerera pansi pa nsalu yake mpaka kalekale. Akakhala n'kundidikira ine, shopu itsekedwa, ndipo ndikalepheranso, mawa kutchalitchi apita chimanjamanja.

"Nipase mpata umodzi chabe, mama," ndinatero. "Navala na magalasi, ona."

Mwana wangayo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi, kachikwama kali pamaondo, monga munthu amene sanatsimikize.

Riboni imaoneka yaifupi ikakhala m'kabokosi, koma ndi yaitali zedi, yopindapinda. Kuti uitembenuze uyenera kuitulutsa yonse, ndipo isakhudze pansi, chifukwa fumbi limatseka tisingano. Dzulo lake ndinaikoleka pa mipando, n'kutha tsiku lonse. Tsopano tsiku lonse ndinalibe. Ndinali ndi komiti.

Amayi aneba ndiwo anaona zimenezo msanga. "Imwe azimai, nyamukani! Aliyense agwile na tuminwe tuwili. Wamene azagwetsa, azatsuka mbale zonse pa pate."

Anandanda kuchokera m'chipinda, kudutsa pakhonde, mpaka pa mtengo wa gwafa, aliyense atanyamula riboni m'mwamba ndi zala ziwiri ngati akuyanika matumbo a mbuzi. Wina anayambitsa nyimbo ya kwaya, ena n'kulandira. Munthu wodutsa panjinga anavula chipewa, poganiza kuti ndi mapemphero. Ine ndinkayenda m'mzeremo ndikutembenuza lamba pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu.

Nditafika pa kabokosi, ndinapeza mwana wanga atakagwira kale, chala chili pa kagudumu kokokera riboni m'kati. Kachikwama kanali pansi.

"Wakuda pamwamba, adadi," anatero osandiyang'ana. "Wakuda, buluu, wofiila, yelo. Munanipunzisa nili giledi thu."

Ndinanamizira kupukuta magalasi.

Folo koloko inali itadutsa pamene ndinadinanso batani. Nthawi ino sindinaphunzitse aliyense. Tonse tinaweramira pa pulinta, mitu pamodzi. Kamutu kanapita, kanabwera, kanapitanso. Mzere woyamba unatuluka wakuda, wowerengeka. Kenako nsonga ya duwa, yofiira ngati tomato wakupsa. Amayi anaimba nthungululu, nkhuku za aneba zinabalalika kuseri kwa mpanda.

Ntchito inagawika yokha. Awiri ankang'amba timizere ta mabowo, awiri ankadula ndi sizasi, ena ankamata pa mapepala olimba. Pulinta sinafulumire, sinafulumirepo chibadwire. Khadi lililonse inkalipatsa ulemu wake, ndipo ine ndinkayang'ana wotchi ndi diso limodzi. Lomaliza pa mndandanda linali la apampando, amene anadziika kumapeto mwaulemu. Dzina lawo linatuluka. Duwa linafika pakati. Magetsi anazima, kamutu n'kuima pomwepo, mzere wa mphatso usanalembedwe.

Lamlungu, potuluka m'tchalitchi, mwana wanga anagawa makhadiwo yekha. Utoto wa nsalu suchoka ndi sopo wa tsiku limodzi, choncho amayi onse a komiti ankapereka moni ndi zala za mizere inayi, ndipo aliyense wofunsa ankauzidwa nkhani yonse, yokometseredwa. Ndinamva mayi wina akufunsa mwana wanga kuti makhadi a timadontho otere anawapangitsa kuti. Iye anandiloza ndi chibwano. "Ni adadi. Ku shopu simungawapeze." Madzulo ake ndinaona kuti wasunga khadi limodzi la maluwa akuda lija m'sutukesi imene adzapite nayo ku banja lake. Sindinamufunse chifukwa.

Lolemba m'mawa ndikuthirira ndiwo, amayi aneba anasuzumira pampanda, akukupiza khadi lawo la duwa latheka. Ndinayamba kupepesa, ndikuti magetsi akabwera ndiwasindikizira lina lathunthu.

"Awe, baneba, musayese," anatero. "Chigayo chanu chili na nzelu kupambana imwe. Chinaona mwamene n'nagwilila liboni, chati mai uyu wapeleka kale. Tsiku la pate nizabwela chabe na mimba yanga na chitenje chovinila."